Makutu akamalira pa nthawi ya mavuto: zochita kuti mupeze tulo ndi mtendere

Chimene chimagonjetsa anthu ambiri amene makutu awo amalira ndi usiku. Masana zimapiririka, chifukwa pali ana, pali msika, pali maminibasi, ndipo kaphokoso kaja kamabisala. Koma mukangozimitsa nyale, kunja kuli zii, kamadzaza mutu wonse. Kwa ena kamalira tswiii, kwa ena shiii, kwa ena kamangoti huuu chapansipansi. Zikakumana ndi maliro pakhomo, ngongole ya banki m'khonde imene tsiku lake layandikira, fizi ya mwana kapena ntchito imene ikugwedera, phokosolo limakhala ngati lawonjezera mphamvu. Munthu amadzitseka ndi pilo, amatembenuka uku ndi uku, atambala n'kulira asanaone tulo.

Vutoli madokotala amalitcha tinnitus, ndipo si la anthu ochepa. Mu 2022 akatswiri ataphatikiza kafukufuku wa m'mayiko ambiri anapeza kuti pafupifupi anthu akuluakulu 14 mwa 100 alionse amakumana nalo. Kwa ambiri mwa iwo palibe piritsi lozimitsa phokosolo, ndipo ndibwino mudziwiretu zimenezi kuti musawononge ndalama. Chimene chimatheka n'chakuti ubongo uleke kulilondalonda. Munthu amene wasamukira m'mphepete mwa msewu wa M1 sagona masiku oyamba chifukwa cha malole, koma pakapita miyezi mlendo ndi amene amamukumbutsa kuti kunja kukudutsa magalimoto. Nkhawa ndi imene imasokoneza kuzolowera kumeneku. Thupi likakhala pa mantha, ubongo umatchera khutu ku chilichonse chimene ukuchiyesa choopsa, phokoso limamveka kwambiri, kumvekako kumabala mantha ena, tulo n'kuthawa. Malangizo ali m'munsiwa ndi othandiza kuti zimenezi zisamangozungulira.

## Zofunika kukhala nazo

- Wailesi yaing'ono ya mabatire kapena ya sola, kapena foni yokhala ndi sipika. Chodalira magetsi okha chidzakusiyani m'chete pa nthawi imene mukuchifuna kwambiri.
- Fani, ngati ilipo. Ngati palibe, musagule.
- Kope ndi cholembera.
- Zotsekera m'makutu za siponji, zimene zimapezeka m'mafamase ena ndi m'mashopu a zipangizo zomangira.
- Kathaulo ndi madzi ofunda.
- Kabuku ka kuchipatala, pamodzi ndi mapaketi a mankhwala onse amene mukumwa, ngakhale ogula pagolosale.
- Munthu mmodzi wapafupi amene mungamuuze zoona za mmene mukumvera.

## Yambani mwatsimikiza kuti si vuto lothamangira nalo kuchipatala

1. Onani zizindikiro zosafunika kudikira.

Pitani kuchipatala lero lomwe ngati chimodzi mwa izi chakuchitikirani:

- Khutu limodzi lasiya kumva mwadzidzidzi, mwina mwangodzuka nalo lili logontha. Apa ndi pamene anthu ambiri amatayira mwayi. Amati ndi chimfine kapena phula, n'kudikira mwezi. Mankhwala a vuto limeneli amagwira bwino akayambika m'masiku oyambirira, ndipo pakatha masabata awiri mwayi woti khutu libwerere umachepa kwambiri.
- Phokoso layamba mutavulala m'mutu, kaya pa ngozi ya kabaza kapena mutamenyedwa khofi pakhutu.
- Muli ndi chizungulire champhamvu, nkhope yapindika mbali imodzi, dzanja kapena mwendo wafooka, kapena mawu sakutuluka bwino.
- Khutu likutuluka mafinya kapena magazi, likupweteka, thupi latentha.
- Ndinu oyembekezera ndipo kulirako kwabwera ndi mutu waukulu, kusaona bwino kapena kutupa nkhope ndi manja. BP yanu ipimidwe tsiku lomwelo.
- Mwayamba kuganiza zodzipha. Uzani munthu pompano, ndipo musakhale nokha mpaka mutaonana ndi achipatala.

Pali zina ziwiri zofuna dokotala sabata yomwe ino ngakhale simukumva kupweteka: phokoso logunda mofanana ndi kugunda kwa mtima, ndi phokoso la khutu limodzi lokha limene silikutha. Gwirani mtsempha wa padzanja, mumvetsere. Ngati "fu, fu, fu" wa m'khutu akuyendera limodzi ndi mtsempha, chimenecho chikukhudza kayendedwe ka magazi, ndipo nthawi zina gwero lake ndi BP kapena kuchepa kwa magazi, zimene zili ndi chithandizo.

Kumva mawu a anthu akukulankhulani pamene palibe munthu ndi nkhani ina, yosiyana ndi kulira kwa makutu. Nayonso ili ndi chithandizo, ndipo ikanenedwe kuchipatala mosabisa.

2. Yalani mankhwala anu onse patebulo.

Mankhwala ena amaliritsa makutu. Kwinini ndi wodziwika kwa aliyense amene anamwapo, ndipo kulira kwake kawirikawiri kumatha mankhwalawo akatha. Aspirin, Brufen ndi Indocid akamwedwa ochuluka kapena kwa nthawi yaitali amachitanso chimodzimodzi. Pa nthawi ya nkhawa mutu umapweteka pafupipafupi, munthu n'kumangomeza mapiritsi a pagolosale m'mawa, masana ndi madzulo, osadziwa kuti akudyetsera phokoso lomwelo. Majakisoni a gentamicin, streptomycin ndi amikacin ndi oopsa koposa chifukwa akawononga khutu nthawi zambiri silibwerera. Palinso furosemide wochotsa madzi m'thupi ndi cisplatin wa khansa.

Chenjezo: musasiye nokha mankhwala amene adokotala anakulemberani, makamaka a malungo, a TB, a mtima kapena a khansa. Bwererani kumene munawalandira tsiku lomwelo, mukanene kuti makutu ayamba kulira. Iwo ndi amene angasinthe mlingo kapena mtundu.

3. Kapimitseni, ndipo mukanene zonse.

Yambirani pachipatala chapafupi. Pemphani kuti akuunikeni m'khutu, akupimeni BP, ndiponso magazi ngati mukufooka. Phula lotseka khutu kapena matenda a m'kati mwa khutu akachiritsidwa, phokoso nthawi zambiri limachepa kapena kutheratu. Pamzere wautali dokotala amakhala ndi mphindi zochepa, choncho konzekeranitu mawu anu: "Adokotala, khutu lakumanzere lakhala likulira kwa miyezi iwiri, limakula usiku, sindikugona, ndimagwira ntchito pachigayo, ndipo mankhwala amene ndikumwa ndi awa." Mawu ochepa amenewa amamuthandiza kuposa kungoti m'mutu mukusokosa.

Ngati kulirako kwatha miyezi ingapo, kapena mwayamba kumangoti "mwati bwanji?" anthu akamalankhula, pemphani kalata yokapimitsa kamvedwe ka makutu. Ku Blantyre, chipatala cha Queen Elizabeth chili ndi mbali yoona za makutu ndi kamvedwe. Ku Lilongwe kuli chipatala cha Kamuzu Central komanso kiliniki ya zamakutu ya ku African Bible College. Ku Lusaka chipatala cha Beit CURE chimaonanso za makutu. Anthu ambiri amene makutu awo amalira amapezeka kuti kumva kwawo kunachepa osadziwa, ndipo kachipangizo kothandiza kumva kakabwezeretsa mawu a kunja, phokoso la m'kati limabwerera m'mbuyo.

## Phokoso likakwera mwadzidzidzi

Mwalandira uthenga woipa pafoni, kapena mwangokangana ndi wina, ndiye khutu latulukira ndi mphamvu. Chitani izi motsatana. Zonse pamodzi sizipitirira mphindi 15.

4. Tsitsani mpweya.

Khalani pansi, msana utatsamira. Ikani dzanja pamimba. Kokani mpweya ndi mphuno mukuwerenga mpaka 4, mimba ikwere, kenako tulutsani pang'onopang'ono ndi pakamwa mukuwerenga mpaka 6. Bwerezani kwa mphindi zisanu. Chinsinsi chili potulutsa: mpweya ukamatuluka nthawi yaitali kuposa polowa, mtima umachepetsa liwiro.

Ambiri amalakwitsa pokoka mpweya wambiri mothamanga, n'kuyamba chizungulire ndi dzanzi m'zala, mantha n'kuwonjezeka. Zikatero pumani mwachizolowezi kaye, muyambirenso mofatsa. Ndipo musamamvetsere ngati phokoso latsika. Ntchito ya kupumaku ndi kukhazika thupi pansi, phokoso lidzatsatira pa nthawi yake.

5. Masulani nsagwada, khosi ndi mapewa.

Dzifunseni pompano: mano anu akhudzana? Munthu wa nkhawa amaluma mano tsiku lonse osadziwa, ena amakukuta ali m'tulo. Mfundo ya nsagwada ili pafupi kwambiri ndi khutu, ndipo kwa anthu ambiri phokoso limasintha akaluma mano kapena akapotoza khosi. Ngati lanu limatero, sitepe ino ndi yanu kwambiri.

Tsekani milomo, mano asiyane, lilime likhale momasuka kuseri kwa mano akumwamba. Nyikani kathaulo m'madzi ofunda, finyani, muike pambali pa nsagwada kutsogolo kwa khutu kwa mphindi zisanu, madzi asalowe m'khutu. Kwezani mapewa mpaka kumakutu, gwirani masekondi asanu, agwetseni. Pendeketsani mutu kumanja, kenako kumanzere, mofatsa, osaukoka ndi dzanja. Paliponse pamene pakupweteka, lekani.

6. Bweretsani phokoso lina lofewa, koma lisakwirire lanulo.

Sitepe iyi ndi imene ndimaiona kuti ndi yofunika koposa, ndipo ndi imenenso anthu amaichita mokhota. Chete ndi amene amakuza kulira kwa makutu, chifukwa ubongo ukasowa chomva umakweza chimene chilipo. Tsegulani zenera. Yatsani fani. Pa wailesi yopotokola ndi dzanja, ikani pakati pa masiteshoni awiri pamene pamangomveka shiii. Nyengo ya dzinja jambulani pafoni mvula ikugwa pa malata kapena madzi a mumtsinje kwa mphindi zingapo, muzidzaibwereza chaka chonse popanda kuwononga bandulo.

Mlingo wake ndi uwu: kwezani pang'onopang'ono mpaka phokoso lakunja liyambe kusakanikirana ndi la m'khutu, muimire pomwepo. Lanulo lizimvekabe pang'ono. Mukalikwirira lonse, ubongo suphunzira kulizolowera, ndipo mukangozimitsa wailesi limabwera ngati lakwiya. Mukakweza kwambiri mukhozanso kuvulaza makutu amene ali kale pamavuto.

7. Yankhani maganizo amene akukuopsani.

Phokoso palokha silipweteka. Chimene chimazunza ndi mawu amene amabwera nalo: ndigontha, ndipenga, muli chotupa m'mutu, moyo wanga watha. Ena amati wina akukunenani, ena amafika poganiza kuti pali amene wawachita chipongwe, n'kuyamba kukayikira abale. Kukayikirana kumeneko kumangowonjezera moto pa nkhawa imene ilipo kale.

Ngati munapimidwa ndipo zoopsa za mu sitepe 1 palibe, gwiritsitsani mfundo izi. Kulira kwa makutu pakokha sikugonthetsa munthu ndipo sikupengetsa. Kukwera kwake pa nthawi ya mavuto kawirikawiri kumasonyeza kuti thupi latopa, osati kuti khutu lawonongekanso. Lembani chiganizo chimodzi m'kope mwanu ndi mawu anuanu, monga: "Lakwera chifukwa sindinagone ndipo ndili ndi maganizo. Linakwerapo kale, linatsika." Chiwerengeni mokweza, kenako gwirani ntchito ya manja imene imafuna maso: kusankha nyemba, kusoka, kupalira, kukonza njinga. Kungodziuza kuti "ndisaliganizire" sikuthandiza, chifukwa potero mukuliganizira kale.

## Usiku

8. Mavuto a mawa alembeni dzuwa lisanalowe.

Patulani mphindi 15 chakumadzulo, musanadye. Gawani tsamba pakati. Kumanzere lembani chimene chikukudetsani nkhawa, kumanja chinthu chimodzi chaching'ono chimene mungachite mawa. Fizi yatsala: ndikaonana ndi aphunzitsi aakulu kukapempha kulipira pang'onopang'ono. Ngongole: ndikalankhula ndi apampando a gulu tsiku lisanafike. Pamene palibe chochita, monga imfa ya wokondedwa, lembani dzina la munthu amene mukacheze naye. Tsekani kope, lisalowe kuchipinda. Maganizo akabwera pakati pa usiku, auzeni kuti alembedwa kale.

9. Konzani chipinda.

Yatsani phokoso lofewa lija musanagone, chapansipansi, ndipo likhale usiku wonse kuti mukadzidzimuka 2 koloko musapeze chete. Sankhani lopanda mawu. Nkhani, mpira ndi maulaliki zimadzutsa ubongo chifukwa umafuna kumva mapeto ake. Gwiritsani sipika, osagona ndi mahedifoni m'makutu. Ngati mumagona ndi wina amene sakufuna phokoso, ikani foni pafupi ndi mutu wanu motsitsa kwambiri, itayang'ana pansi kuti kuwala kusakusokonezeni.

10. Tulo tikakana, dzukani.

Mukaona kuti papita mphindi pafupifupi 20 muli maso ndipo mtima wayamba kukwiya, tulukani pabedi. Khalani pampando ndi kuwala kochepa, pumani monga mu sitepe 4, werengani kapena pempherani chamumtima, mubwerere pokhapokha maso akalemera. Musayang'ane wotchi n'kumawerengera maola amene atsala. Musatsegule WhatsApp kapena Facebook.

Chovuta kwambiri n'chakuti m'mawa mudzuke nthawi yanu yomweyo ngakhale mwagona pang'ono. Masiku oyamba mudzayenda ndi tulo m'maso, ndikudziwa kuti n'zowawa, koma kugona mpaka dzuwa litakwera kapena kugona maola awiri masana kumaba tulo ta usiku wotsatira. Ngati simungathe kupirira, gonani masana osapitirira mphindi 30, nthawi isanakwane 3 koloko.

11. Samalani zakumwa.

Tiyi, khofi ndi zakumwa zopatsa mphamvu zithere masana. Simukuyenera kusiyiratu tiyi wam'mawa. Mowa umagonetsa msanga koma umadzutsa pakati pa usiku, pa ola lenileni limene phokoso limavuta. Fodya nayenso amathamangitsa mtima.

## Masana, kuntchito ndi pakati pa anthu

12. Tetezani makutu pamene pali phokoso lenileni.

Taonani mnyamata wa pachigayo. Ufa uli mbuu mpaka m'nsidze, m'makutu muli thonje lakuda ndi fumbi, ndipo kuti auze mayi amene waima pafupi naye mtengo wa ndowa, akuchita kukuwa. Akaweruka makutu amalira mpaka kunyumba. Poyamba kulirako kumatha pofika m'mawa. Pakapita zaka kumakhazikika.

Muyeso wosavuta ndi umenewo: ngati mukuchita kukuwa kuti munthu amene mungamukhudze ndi dzanja akumveni, phokosolo ndi loononga. Akatswiri a chitetezo pantchito amaika malire pa madesibelo 85 (madesibelo ndi muyeso wa kukula kwa phokoso) kwa maola 8, ndipo pa madesibelo atatu alionse owonjezera nthawiyo imadulidwa pakati. Pa 100 yatsala mphindi 15 zokha. Owotcherera zitsulo, ocheka matabwa ndi makina, oswa miyala, ogwira ntchito m'migodi ndi m'mafakitale ku South Africa, oimba ndi oyendetsa zokuzira mawu pa maukwati ndi m'matchalitchi, onsewa nkhaniyi ikuwakhudza.

Thonje silitchinga phokoso mokwanira. Chotsekera cha siponji chivalidwe motere: sambani m'manja, chipotokoleni pakati pa zala mpaka chionde, dutsitsani dzanja lina pamwamba pa mutu mukokere khutu m'mwamba ndi kumbuyo, lowetsani, gwirani masekondi 30 kuti chifufume. Mawu anu akamveka ngati akuchokera m'kati mwa mutu, chakhala bwino. Chikada, tayani. Paukwati kapena kutchalitchi khalani kutali ndi sipika, muzituluka panja kukapumitsa makutu. Pa mahedifoni musapitirire 60 pa 100 ya mphamvu ya foni.

Ngati mwalembedwa ntchito, pemphani mwaulemu koma momveka: "Bwana, makutu anga ayamba kulira chifukwa cha makinawa, ndipo kuchipatala andiuza kuti ndizitseka. Ndimapempha zotsekera, kapena ndizisinthana ndi mnzanga pa makina."

13. Pamalo wamba, siyani makutu otsegula.

Ena akaopa amayamba kutseka makutu paliponse, m'nyumba, pamsika, ngakhale pogona. Zotsatira zake n'zoti phokoso la m'kati limamveka kwambiri, ndipo makutu amafika pomva kuwawa ndi zinthu wamba monga mbale zikagundana kapena mwana akalira. Zotsekera ndi za pamalo a phokoso lenileni basi, monga pachigayo ndi pa sipika.

14. Yendani, ndipo musadzipatule.

Kuyenda mofulumirirapo mphindi 30 pa tsiku kumatsitsa nkhawa ndipo kumabweretsa tulo. Amene amalima kapena kutunga madzi kutali ali nazo kale. Chimene amasowa ndi mpumulo, choncho iwo akhale pamthunzi mphindi zisanu masana, apume monga mu sitepe 4. Kwaya, bawo, mpira, gulu la amayi, zonsezi zisaime. Munthu akadzitsekera m'nyumba amatsala awiriwiri ndi phokoso lake.

Nthawi ya maliro ndi yovuta mwapadera, chifukwa anthu amachezera usiku, kudya kumasokonekera, ndipo mtima uli wosweka. Yembekezerani kuti makutu alira kwambiri sabata imeneyo ndi yotsatira, musadabwe nazo. Pemphani wachibale akulandireni kwa maola angapo mukagone, ndipo mankhwala a BP musawaiwale kunyumba.

15. Uzani a m'nyumba mwanu.

Vutoli silioneka, choncho anthu amangoona kuti mwayamba kupsa mtima msanga kapena simukuyankha. Mutu umodzi susenza denga. Mayi angathe kunena kuti: "Bambo, khutu langa likulira usiku wonse, n'chifukwa chake ndikuoneka wokwiya. Sindinakwiyire inu. Mundilole ndiziyatsa wailesi chapansipansi pogona." Apempheninso chinthu chimodzi: asamakufunseni m'mawa uliwonse ngati likulirabe. Funso lachikondi limenelo limakubwezerani kukamvetsera. Afunse mmene mwagonera.

16. Lembani mzere umodzi pa tsiku, kwa masabata awiri okha.

Madzulo lembani maola amene munagona, chimene chinakuvutani tsikulo, ndi mmene phokoso linakusautsirani kuyambira 0 mpaka 10. Mukuyeza kusautsa kwake, osati kukula kwake. Pakatha masabata awiri werengani zonse. Mudzaona nokha kuti masiku oipa amatsatana ndi kusagona, mkangano, mowa kapena tsiku la pachigayo. Mukadziwa zimenezi siyani kulemba, chifukwa kulemba kosalekeza kumasanduka kulondalonda.

17. Pemphani uphungu zikapitirira.

Ngati patha mwezi mukuchita zonsezi koma simukugona, simukudya, mukulira pafupipafupi kapena ntchito yaima, vuto lalikulu tsopano ndi nkhawa kapena kukhumudwa, ndipo zimenezi zimachizika. Mwa njira zonse zimene zayesedwa pa kulira kwa makutu, uphungu wothandiza munthu kusintha kaganizidwe ndi kachitidwe, umene akatswiri amautcha CBT, ndi umene uli ndi umboni wamphamvu wochepetsa kuzunzika. Funsani pachipatala cha boma lanu za anamwino kapena madokotala oona za maganizo. A St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe amaperekanso uphungu. Kupita kumeneko sikutanthauza kuti mwapenga. Abusa, ashehe kapena ankhoswe angakuthandizeni kusenza vuto limene layambitsa nkhawayo, ndipo zimenezi ziyendere limodzi ndi chithandizo cha kuchipatala.

## Zolakwitsa zimene zimachitika kawirikawiri

Kutokosa m'khutu. Nthenga ya nkhuku, kamtengo ka machesi, chivindikiro cha cholembera, ngakhale timitengo ta thonje togula, zonsezi zimakankhira phula m'kati ndipo zikhoza kuboola nembanemba ya khutu. Kulirako sikuchokera pamalo pamene kamtengo kangafike. Pukutani kunja kokha ndi kansalu.

Kuthira zinthu m'khutu. Madzi a adyo, a anyezi, a masamba, mafuta ophikira otenthetsa. Ngati nembanemba ili ndi bowo, zimenezi zimalowa m'kati n'kuyambitsa matenda kapena kuwonongeratu kumva. Chilichonse cholowa m'khutu chikhale chimene achipatala anena ataunikamo.

Kudziyesa m'mawa uliwonse. Kutseka makutu ndi zala kapena kulowa m'chipinda cha zii kuti mumve ngati lilipobe. Mudzalipeza ndithu, ndipo mwauza ubongo kuti ndi chinthu chofunika kuchiyang'anira tsiku lonse.

Mapiritsi ogonetsa ogula mwamseri. Valium ndi anzake amazolowereka msanga, ndipo powasiya mwadzidzidzi nkhawa ndi phokoso zimabwera zitakula. Kumwa Piriton usiku uliwonse kuti mugone si njira yabwinonso. Ngati mwayamba kale kuwadalira, kauzeni adokotala akuthandizeni kutsitsa pang'onopang'ono.

Kusala zakudya zambirimbiri. Wina akuti siyani mchere, wina akuti shuga, wina nyama, mpaka munthu kuonda ndi mantha. Kuchepetsa mchere n'kwabwino kwa a BP. Kupatula apo, siyani chokhacho chimene kope lanu lasonyeza mobwerezabwereza kuti chimakuvutani.

Kufuna zotsatira za sabata imodzi. Kuzolowera kwa ubongo kumatenga miyezi, ndipo sikuyenda mowongoka. Mudzakhala ndi masabata abwino, kenako vuto lina n'kugwa pakhomo, phokoso n'kubwerera. Zikatero simunabwerere pachiyambi. Yambiraninso pa sitepe 4. Chizindikiro choyamba chakuti zikuyenda si kutha kwa phokoso, koma kuzindikira madzulo kuti panadutsa maola angapo osalikumbukira.

Kunyalanyaza mwana akadandaula. Ana nawonso makutu amalira, makamaka amene amadwaladwala m'makutu ndi achinyamata a mahedifoni. Nthawi ya mayeso a MSCE, pamene akuwerenga usiku m'chete ndi mantha m'mimba, amalimva kwambiri. Musamuuze kuti akunamizira. Mupititseni akamuunike m'khutu, ndipo mumulole kuwerenga ndi kaphokoso kofewa chapansipansi.

Kulipira olonjeza kuchiritsiratu. Pa intaneti ndi m'misika muli madontho, makapisozi ndi tiyi zimene akuti zimathetsa kulira kwa makutu m'masiku ochepa. Ngakhale mankhwala a zitsamba otchedwa ginkgo, amene amatchulidwa kwambiri, atayesedwa sanaonetse kuti amathandiza. Wogulitsa akakuuzani kuti mugule mabotolo atatu kuti mankhwala agwire, sungani ndalamazo zikhale za thiransipoti yokapimitsa makutu ndi zogulira zotsekera za kuntchito.